Chithunzi chafufutidwa, linki yakanidwa: yankho kwa mayi amene atsala pang'ono kuisiya wiki

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo ndafupikitsa mawu awo motere: "Ndinayamba kulemba nkhani pa Wikipedia yokhudza mlatho wina wakale. Ndinakweza zithunzi ziwiri, china chojambula ndekha, china chimene mchimwene wanga ananditumizira pa WhatsApp. Chimodzi anachifufuta patangotha sabata. Chinacho chilipo, koma m'nkhanimo mukungooneka mawu ofiira m'malo mwa chithunzi. Nditafuna kuika linki ya tsamba limene ndinatengapo mfundo, makina anakana kusunga. Ndinafunsa, palibe anandiyankha. Ndalakwa chiyani, nanga ndikadandaule kuti? Ndatsala pang'ono kungozisiya."

Zikomo mayi pondilembera, ndipo chonde musazisiye. Kwa inu zikuoneka ngati wiki yonse yakuukirani, koma apa pali mavuto atatu osiyana. Awiri ndi ang'onoang'ono, mutha kuwakonza lero lomwe. Lalikulu ndi la chithunzi chofufutidwacho, ndipo silikukhudza makina n'komwe. Likukhudza umwini. Ndiyambira pamenepo.

Simunanene kuti chafufutidwa ndi chiti, koma ndilibe chikayiko kuti ndi cha pa WhatsApp chija. Zithunzi zambiri zimene mumaona pa Wikipedia sizikhala pa Wikipedia penipeni. Zimasungidwa ku Wikimedia Commons, nkhokwe imene inatsegulidwa mu 2004 ndipo pano ili ndi mafayilo oposa 100 miliyoni. Mukakweza chithunzi muli mkati molemba nkhani, kawirikawiri chimapita kumeneko ngakhale inu simunazindikire. Lamulo la kumeneko ndi lolimba: fayilo iliyonse iyenera kukhala yoti munthu aliyense angaigwiritse ntchito, kuisintha, ngakhale kupangira ndalama, bola atsate zimene laisensi yake ikunena. Ndiye amene angapereke chilolezo chotere ndi mwini chithunzi yekha, ndipo mwini wake ndi amene anajambula. Amene ali m'chithunzimo si mwini wake. Amene anatumiziridwa si mwini wake. Mchimwene wanu anakupatsani ndi mtima wonse, inde, koma pa fomu yokwezera mukasankha kuti ndi ntchito yanu, mwanena chinthu chosaona, ngakhale simunafune kunama.

Mwina mukudabwa kuti anadziwa bwanji. Chithunzi chochokera mu kamera kapena pa foni chimakhala ndi mbiri yobisika mkati mwake, yotchedwa EXIF: mtundu wa foni, tsiku ndi nthawi yojambulira, ndi zina. WhatsApp ndi Facebook zimachepetsa chithunzi n'kuchotsa mbiri imeneyi. Anthu oyang'anira mafayilo atsopano akaona chithunzi chaching'ono, chopanda EXIF, chochokera ku akaunti yatsopano, amakayikira msanga, chifukwa tsiku lililonse amakumana ndi zithunzi zotoledwa pa intaneti. Nthawi zambiri amaika chizindikiro chakuti chilolezo chikusowa, ndipo pakatha masiku 7 popanda umboni, fayilo imachotsedwa. Sabata yanu ija ndi imeneyo.

Uthenga wochenjeza anakutumizirani ndithu, koma ndikuganiza kuti simunauone. Akaunti yanu ndi imodzi pa mawiki onse a Wikimedia, koma tsamba lanu lokambirana ndi losiyana pa wiki iliyonse. Inu mumayang'ana la pa Wikipedia, uthengawo uli pa la ku Commons. Lowani kumeneko muwerenge. Tsegulaninso tsamba la fayilo yofufutidwayo, mupeza dzina la amene anaichotsa ndi chifukwa chake.

Njira zokonzera ndi ziwiri. Yosavuta ndi yakuti mchimwene wanu, ngati ndi iye anajambula, atsegule akaunti yake, akweze yekha chithunzi chenicheni chimene chili mu foni yake, chosadutsa pa WhatsApp. Ngati sakufuna akaunti, atumize chilolezo pa imelo ku gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa VRT, limene kale linkatchedwa OTRS. Ku Commons kuli fomu yothandiza kulemba kalatayo. Alembe yekha, kuchokera pa imelo yake, atchule dzina la fayilo ndi laisensi imene wasankha, monga CC BY-SA 4.0. Chilolezo chikatsimikizika, fayilo imabwezedwa, chifukwa chofufutidwa pa wiki sichitayika, chimangobisika kwa anthu wamba. Koma mumufotokozere bwinobwino zimene akuvomera, musamukakamize. Laisensi imeneyi munthu akapereka sangaibweze. Wina atha kusindikiza chithunzicho m'buku n'kugulitsa, bola atchule wojambula ndi kusunga laisensi yomweyo. Mawu akuti "ndalola pa Wikipedia pokha" kapena "osapangira malonda" ku Commons salandiridwa. Ena izi zimawawawa, ndipo ndi ufulu wawo kukana. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi labwino, chifukwa limateteza wojambulayo kuti ntchito yake isaperekedwe ndi munthu wina iye osadziwa.

Chimene musachite ndi kukwezanso chithunzi chomwecho ndi dzina lina. Adzachichotsanso, ndipo mukabwereza akhoza kutseka akaunti yanu. Ngati mukuona kuti anachotsa molakwa, lankhulani ndi amene anachotsayo, kapena pitani pa tsamba la ku Commons lopemphera kuti fayilo ibwezedwe, lotchedwa Undeletion requests.

Pa nkhani ya EXIF yomweyi ndikuchenjezeni: mafoni ambiri amalembamonso malo enieni amene munaima pojambula. Pa mlatho palibe vuto, zimathandiza kumene. Koma chithunzi chojambulira kunyumba chikhoza kuonetsa dziko lonse kumene mumakhala. Yang'anani musanakweze.

Tsopano mawu ofiira aja. Pa wiki, kufiira kumatanthauza kuti mwatchula dzina la chinthu chimene kulibe. Chithunzi chanu chilipo, koma dzina limene mwalemba m'nkhani silikufanana ndi la fayilo. Pulogalamu ya MediaWiki, imene imayendetsa Wikipedia, imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono paliponse m'dzina kupatula chilembo choyamba. "Mlatho wakale.jpg" ndi "Mlatho Wakale.jpg" ndi mafayilo awiri osiyana. Chimodzimodzi mathero a dzina: .jpg, .JPG ndi .jpeg sizifanana. Apa ndi pamene ambiri amakodwa, chifukwa makamera ena amalemba .JPG ndi zilembo zazikulu ndipo diso silizindikira. Musalembe dzina kuchokera m'mutu. Tsegulani tsamba la fayilo ku Commons, koperani dzina lonse, mumate m'nkhani motere:

[[File:Mlatho wakale.jpg|thumb|Mlathowu ukuoneka kuchokera kumtunda kwa mtsinje]]

Mawu akuti thumb amachepetsa chithunzi n'kuchiika m'kabokosi, ndipo omalizirawo ndi amene amaoneka pansi pake. Mukaiwala thumb, chithunzi chimabwera chachikulu n'kudzaza tsamba. Ndimalimbikitsanso kuwonjezera alt= ndi chiganizo chofotokoza zimene zili m'chithunzi, kuti anthu osaona amene amawerenga ndi pulogalamu yolankhula amve chimene chilipo. Ngati zizindikiro zimenezi zikukusokonezani, gwiritsani ntchito VisualEditor, njira yolembera nkhani yosafuna kuti mulembe nokha zizindikirozi: mumasankha kuika chithunzi, kulemba dzina, n'kudina chimene chaoneka, ndipo imalemba yokha zonsezi.

Dzina likakhala lolondola koma tsamba likuonetsabe zakale, ndiye kuti mukuona tsamba losungidwa kale. Onjezerani ?action=purge kumapeto kwa adiresi ya tsambalo, mutsimikize, lidzakonzeka. Ngati dzina la fayilo ndi limene lili ndi cholakwika, simungalisinthe nokha, mumapempha poika template (chizindikiro chokonzedweratu) ya Rename pa tsamba la fayiloyo, ndipo amene ali ndi mphamvu imeneyo amasintha.

Kwa ena amene fayilo imakana kukwera kumene: onani mtundu wake. Commons imalandira JPEG, PNG, SVG, TIFF, PDF, ndi mavidiyo a WebM kapena Ogg. Silandira MP4 chifukwa cha nkhani ya mapatenti (umwini wa luso limene mtunduwu umagwiritsa ntchito), silandira HEIC imene ma iPhone amajambulira, ndipo silandira mafayilo a Word. Muyambe mwasintha mtundu. Fomu wamba imalekezera pa 100 MB, zazikulu kuposa apo zimadutsa pa fomu ina yokwezera yotchedwa Upload Wizard.

Za linki ija, makina akakana kusunga amanena chifukwa, kungoti uthengawo umabwera pamwamba pa tsamba ndipo munthu wokhumudwa sauwerenga. Wikimedia ili ndi mndandanda wa maadiresi oletsedwa chifukwa anthu otsatsa malonda ankawamwaza paliponse. Malinki ofupikitsidwa monga a bit.ly ndi oletsedwa, chifukwa amabisa kumene akupita. Ngati linki yanu munaitenga mu uthenga wa pa foni, n'kutheka kuti ndi yotero. Itseguleni kaye mu browser, mudikire tsamba lenileni lifike, mukopere adiresi yonse imene yaoneka pamwamba. Ngati tsamba lenilenilo ndi limene lili loletsedwa, dzifunseni ngati lili gwero lodalirika. Nthawi zambiri kufuna gwero lina n'kwabwino kuposa kulimbana kuti alitsegule. Akaunti yatsopano imafunsidwanso kudutsa pa CAPTCHA, mayeso otsimikizira kuti ndinu munthu osati makina, poika linki yakunja. Mukadumpha pamenepo, zolemba zanu sizisungidwa. Koperani zimene mwalemba musanadine batani losunga, kuti zisatayike.

Kalembedwe kake nakonso kamasiyana. Linki yopita ku nkhani ina ya pa wiki yomweyo imakhala m'mabulaketi awiri, ndi dzina la nkhaniyo basi. Yopita kunja imakhala m'bulaketi imodzi mbali iliyonse, kuyamba ndi https://, kenako mpata, kenako mawu ooneka. Koma ya gwero la mfundo musaiike pakati pa chiganizo. Gwiritsani ntchito batani la Cite, limene limaiika m'munsi monga umboni. Ndipo poti masamba a pa intaneti amafa, ndi nzeru kusunga tsambalo tsiku lomwelo ku Wayback Machine ya Internet Archive, nkhokwe imene imasunga makope a masamba a pa intaneti.

Chimene chandikhudza kwambiri mu imelo yanu ndi chakuti munafunsa osayankhidwa. Kukhala chete kumeneko kumapweteka kuposa kufufutidwa kwa chithunzi, ndipo anthu ambiri amene akanalemba zinthu zabwino anachoka chifukwa cha zimenezi. Sindikukhulupirira kuti anakunyozani. Ndikuganiza kuti munafunsa pa tsamba lokambirana la nkhani yanu yomwe. Nkhani yatsopano palibe amaiyang'anira kupatula inu, choncho funso lanu palibe analiona. Pa mawiki a zinenero zokhala ndi olemba ochepa, ngakhale tsamba lalikulu la zokambirana litha kukhala nthawi yaitali opanda wodutsapo.

Funsani kumene anthu ali. Za mafayilo, zithunzi ndi malaisensi, pitani ku Help desk ya Commons. Mutha kulemba m'chinenero chilichonse, koma Chingerezi, ngakhale chothyokathyoka, chimayankhidwa msanga. Pa Wikipedia ya Chingerezi pali Teahouse, imene inakhazikitsidwa mu 2012 kuti ithandize oyamba kumene, ndipo kumeneko palibe funso lochititsa manyazi. Phabricator, kumene amanenako zolakwika za pulogalamu yeniyeniyo, musathamangireko. Mavuto anu si a kumeneko, ndipo likakhala la kumeneko, a ku Help desk adzakuuzani.

Kafunsidwe ndi kamene kamasiyanitsa woyankhidwa ndi wosayankhidwa. Kulemba kuti "chithunzi changa sichikuoneka, thandizeni" kuli ngati kuuza dokotala kuti ndikudwala n'kukhala chete. Ubwino wa wiki ndi wakuti chilichonse chimene munachita chinalembedwa m'mbiri ya tsamba, ndipo wokuthandizani atha kuchiona ndi maso ake mukangomulozera. Mupatseni dzina lenileni la fayilo ndi linki ya nkhani. Nenani chimene munkafuna kuchita ndi chimene chinachitika. Uthenga wokana uja mukopere mawu ndi mawu, musaufotokoze m'mawu anu, chifukwa liwu limodzi la mmenemo ndi limene limaulula vuto. Nenaninso ngati muli pa foni kapena pa kompyuta, chifukwa mabatani sakhala pamodzimodzi. Pofuna kuloza fayilo popanda kuionetsa m'funso, ikani madontho awiri patsogolo, motere: [[:File:Mlatho wakale.jpg]]. Funso limodzi pa nkhani imodzi. Mukasakaniza atatu onse, wina adzayankha losavuta n'kusiya enawo.

Mukamalemba mu wikitext, kalembedwe ka zizindikiro ngati mabulaketi aja, malizani ndi zizindikiro zinayi izi ~~~~ kuti dzina lanu ndi nthawi zioneke. Izi n'zofunika kwambiri mukamaitana munthu ndi template ya ping, imene imamudziwitsa kuti mwamutchula, chifukwa popanda siginecha pa kusunga komweko, uthenga sumufika. Batani loyankhira limene lili pa masamba okambirana limasaina lokha.

Amene adzakuyankheni ndi anthu ongodzipereka, salipidwa, amachita izi pa nthawi yawo yopuma. Mauthenga awo ena ndi okonzedweratu ndipo amamveka ouma, musawatenge ngati mkwiyo. Ndipo wina akakulemberani mseri kuti mumulipire kapena mumupatse password yanu kuti abweze chithunzi kapena ateteze nkhani yanu, ameneyo ndi wakuba. Thandizo lenileni la pa Wikimedia ndi laulere ndipo limachitikira poyera.

Mukafunsa, dinani batani lolembetsa pa mutu wa funso lanulo kuti mulandire chidziwitso wina akayankha, ndipo bwererani pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Pa masamba otanganidwa, mafunso akale amasunthidwa n'kupita ku archive, kumene amasunga zokambirana zakale, patapita masiku ochepa, ndiye mukapeza lanu palibe, lifufuzeni kumeneko musanaganize kuti nalonso alifufuta.