Sienta ikudontha madzi pa thermostat: tisinthe housing kapena tingochotsa thermostat?

Talandira imelo kuchokera kwa owerenga ena a ku Katawa kuno ku Mzuzu, amene amayendetsa Toyota Sienta ya injini ya 1NZ-FE pa msewu wa Nkhata Bay. Akuti galimoto yawo ikudontha madzi pamene paipi ya pansi ya rediyeta imalumikizana ndi injini. Makaniki anamatapo silikoni, patatha masabata awiri kudontha kunayambiranso, ndipo tsopano akuwalangiza kuti angochotseratu thermostat poti dziko lathu ndi lotentha. Akufunsa ngati agule housing yatsopano (chivundikiro cha thermostat chomwe paipiyo imalowapo), komanso ngati malangizowo ndi oyenera kuwatsata.

Achimwene, thermostat musachotse. Ntchito yake ndi kutseka njira ya ku rediyeta injini ikadali yozizira, n'kutsegula ikafika pafupifupi 82°C. Mukaichotsa, injini imachedwa kutentha, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi kuno kwathu, ndipo kompyuta ya galimoto imapitiriza kuthira mafuta ambiri poganiza kuti injini sinatenthe. Petulo amatha msanga, oyilo amada msanga, ma ring a pisitoni amadyeka. Komanso pa injini zambiri za masiku ano thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira ka chidule kobwezera madzi m'injini. Popanda iyo, madzi ena amangozungulira m'katimo osafika ku rediyeta, galimoto n'kuwira pa chitunda ngakhale mwachotsa chomwe mumati chikutenthetsa. Ndipo kudontha kwanu sikungathe, chifukwa mphira yotseka pamenepo imakhala pa thermostat yomweyo.

Kudontha pang'onoku musakuone ngati nkhani yongowonjezera madzi m'mawa uliwonse. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo kuno madzi wamba amawira pa 96°C kapena pafupi pamenepo, osati 100°C. Chomwe chimateteza injini ndi presha yomwe chivundikiro cha rediyeta chimasunga, 0.9 kapena 1.1 bar malinga ndi zolembedwa pa chivundikirocho. Ndi presha imeneyi pamodzi ndi coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) wosakaniza bwino, madzi sawira mpaka atapitirira 120°C. Pakangobooka penapake presha imathawa. Ndiye ganizirani Sienta yodzaza anthu ndi katundu ikukwera kuchokera kunyanja, yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, kufika pamwamba pano. Apa ndi pomwe head gasket, chotseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, imapsa.

Musanagule kanthu, tsimikizani kaye pomwe pakudontha. Madzi amatsikira pansi, choncho ponyowa si pomwe pali bowo nthawi zonse. Tsukani malo onsewo, aume, muwazepo paudala wa ana kapena ufa woyera, kenako lizani injini mpaka itatentha. Kamzere konyowa kadzaoneka pa ufawo, ndipo mukatsate kukwera mpaka poyambira pake. Pampu ya madzi ikayamba kutha imadontha pa kabowo kake kapansi, ndipo madzi ake amayenderera mpaka kunamizira housing. Garaja yomwe ili ndi pressure tester, chida chopopera presha mu rediyeta, ingakupezereni bowolo injini ili yozizira.

Ngati ndi pa housing ndithu, gulani thermostat yolembedwa 82°C, mphira yake yatsopano, coolant wokwana malita 5 kapena 6 kuti patsale wowonjezera, ndi kilampu ngati yakale yafooka. Housing yeniyeniyo muigule pokhapokha mwaiona itachotsedwa. Ipukuteni, muike rula yachitsulo pa nkhope yake yokhudzana ndi injini, muyang'ane kowala. Kuwala kukadutsa pansi pa rula, yapindika. Yang'ananinso khosi lomwe paipi imalowapo. Ya aluminiyamu yomwe yakhala m'madzi a pampopi kapena a pa mjigo zaka zambiri imakhala ndi timaenje ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe, ndipo mphira singatseke pa timaenje totero. Ya pulasitiki imang'aluka timing'alu tating'ono pafupi ndi mabowo a mabawuti, tomwe timatseguka injini ikatentha basi. Mukaona chimodzi mwa izi, sinthani. Yogula kwa ophwasula magalimoto iyesedwe chimodzimodzi ndalama isanatuluke m'thumba.

Ntchito iyambe injini itazizira kwenikweni, bwino m'mawa isanalizidwe. Kutsegula chivundikiro cha rediyeta yotentha kumapsereza nkhope ndi manja. Chotsani waya wa negative pa batire, chifukwa pa injini imeneyi mukugwira ntchito pafupi ndi alternator. Ikani beseni pansi, masulani kapulagi ka pulasitiki ka pansi pa rediyeta, madzi atuluke. Finyani kilampu ndi pulayazi, muisunthire kumbuyo, kenako potokozani paipi pang'onopang'ono mpaka itamasuka. Musalowetse sikuludiraiva pakati pa paipi ndi khosi, mudzakanda pomwe pafunika kusalala. Masulani manati awiri ndi soketi ya 10, housing ituluke. Musanatulutse thermostat yakale jambulani ndi foni momwe yakhalira: mbali ya sipuling'i imaloza m'kati mwa injini.

Tsopano pomwe ntchito ya makaniki uja inalakwika. Pa injini imeneyi chotseka madzi ndi mphira yozungulira m'mphepete mwa thermostat, osati silikoni. Mphira ikakalamba imauma n'kuphwatalala, ndipo kuimata silikoni pamwamba kumangobisa vuto masiku ochepa. Silikoni wochuluka amaterereketsanso mphira kuchoka pamalo pake pomanga, wina n'kufinyikira m'kati, kuduka, kukatseka timachubu ta rediyeta ndi hita. Choncho palani silikoni yense ndi zotsalira za dzimbiri, mbali ya injini ndi ya housing yomwe. Gwiritsani ntchito chopalira cha pulasitiki. Ngati pali zouma zokanirira, sandipepala wosalala kwambiri wokulunga pa kathabwa kosalala, mopepuka. Aluminiyamu ndi wofewa, mpeni kapena chizulo zimasiya mizere yomwe idzakhale njira ya madzi. Tsekani bowo la injini ndi kansalu koyera popala, ndipo musaiwale kukachotsa.

Thermostat yatsopano mutha kuiyesa kukhitchini. Imangireni kawaya, muilendeweretse mu mphika wa madzi osakhudza pansi, mutenthetse. Iyambe kutseguka pakati pa 80°C ndi 84°C, ndipo madzi akamayandikira kuwira ikhale itatseguka mamilimita 8 kapena kupitirira pang'ono. Mukaitulutsa n'kuzizira, itsekeke yonse. Zabodza zilipo pamsika, ndipo kuyesa kumeneku kumaziulula.

Valikani mphira yatsopano m'mphepete mwa thermostat, yowuma kapena yonyowetsa ndi coolant pang'ono, osati girisi kapena oyilo, zomwe zimatupitsa mphira. Pa thermostat pali kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera. Kameneko kaloze m'mwamba, chifukwa ndi komwe mpweya umathawira podzaza madzi. Kakaloza pansi, mpweya umatsekeredwa kumbuyo kwa thermostat, ndipo geji ya kutentha imakwera ngakhale zonse zili zatsopano.

Kumanga ndi komwe ambiri amaononga. Manatiwa ndi aang'ono, amafuna pafupifupi 9 Nm basi, mphamvu ya dzanja pa kasipanala kakafupi. Ayambeni onse awiri ndi zala, kenako mangani mosinthanasinthana, uyu pang'ono, uyo pang'ono, mpaka housing itakhala pansi mofanana. Kumaliza nati imodzi inzake isanayambe kumapendeketsa housing n'kutsina mphira. Kukokera ndi mphamvu zonse poganiza kuti ndiye sipadontha kumapinda housing kapena kudula stud (bawuti ya pa injini yomwe nati imamangidwapo), ndipo stud yoduka m'injini ndi ntchito ina yodula. Bwezerani paipi mpaka kumapeto kwa khosi, kilampu ikhale kumbuyo kwa kamlomo kotukuka kaja. Kilampu ya sipuling'i yomwe inabwera ndi galimoto ndi yabwino kuposa yomanga ndi sikulu, chifukwa imatsatira paipi ikamafufuma ndi kunyala. Waya kapena lekeni ayi. Paipi ikakhala yofewa ngati yonyowa ndi oyilo, yotupa, kapena yong'aluka kumapeto, isinthidwe lero lomwelo.

Podzaza, werengani botolo. Coolant wina amabwera wosakaniza kale ndipo sathiridwa madzi, monga wa pinki wa Toyota Super Long Life. Wina ndi wosasungunula, amafuna theka coolant theka madzi a distilled, aja owonjezera m'batire, osati asidi. Musasakanize mitundu yosiyana. Ngati simukudziwa zomwe zinali m'katimo, tsukani zonse ndi madzi mpaka atatuluka oyera. Anthu amati coolant ndi wa mayiko a chisanu, koma ntchito yake yaikulu kwa ife ndi kuletsa dzimbiri ndi kudyeka kwa aluminiyamu, komwe kumabweretsa timaenje tija. Mazira, tsabola ndi mankhwala otseka mabowo musathire, amatseka hita ndi rediyeta.

Thirani pang'onopang'ono mpaka pakhosi pa rediyeta, mufinye mapaipi kangapo mpweya utuluke. Ikani hita pa kutentha kwambiri, lizani injini chivundikiro chili chotsegula, muziwonjezera madzi akamatsika. Paipi ya pansi ikhala yozizira kwa kanthawi, kenako idzatentha, apo ndiye thermostat yatseguka. Thovu likatha tsekani chivundikiro, dikirani fani ilire n'kusiya kawiri, hita ikutulutsa mpweya wotentha. Kabotolo ka pambali kadzazeni mpaka pa mzere wa FULL. Mawa lake m'mawa, injini ili yozizira, onaninso mulingo ndipo pitsani chala pansi pa housing. Chivundikiro cha rediyeta chikakhala ndi mphira yong'aluka, gulani china cha presha yofanana ndi chakalecho.

Coolant wakale musamutaye pabwalo kapena mu ngalande. Ali ndi ethylene glycol, amatsekemera koma ndi poizoni wopha impso, ndipo ana, agalu ndi nkhuku akhoza kumwa. Musungeni mu chigubu chotseka cholembedwa bwino, kutali ndi mabotolo a zakumwa.

Popeza galimotoyi yakhala ikukwera zitunda ikudontha, yang'aniraninso izi sabata yoyamba: thovu losatha mu rediyeta injini ikulira, utsi woyera wonunkhira motsekemera injini itatentha kale, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena madzi kutha popanda ponyowa paliponse. Chimodzi mwa izi chikaoneka, imitsani maulendo a ku Nkhata Bay, akayese head gasket kaye.