Guluu wa thovu, mlombwa ndi kaboti ka ku Chivero

Achimwene ena a ku Mufakose, ku Harare, anditumizira imelo. Agula kaboti kakale ka thanga komwe kamakhala ku nyanja ya Chivero, thabwa la mumkombero mwake lakanuka, ndiye akufuna kupanga lina pomatiza timatabwa topyapyala ta mlombwa. Kushopu awagulitsa guluu wotulutsa thovu uja, pabotolo palembedwa kuti salowa madzi. Akufunsa kuti, "Kodi ameneyu agwira?"

Achimwene, botololo musalitsekule kaye. Mawu oti "salowa madzi" amenewa awonongetsa matabwa ambiri, ndipo amandinyansa, chifukwa amachititsa munthu kuganiza kuti mdani wa thabwa la pa boti ndi madzi basi. Thabwa la mumkombero silikhala m'madzi. Limakhala padzuwa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo dzuwa la Okutobala limawotcha thabwa lakuda mpaka dzanja kukanika kukhalapo. Kenako mvula ya Novembala, thabwa lafufuma. Pofika Juni lauma gwa, usiku kukuzizira. Pamwamba pa zonsezi, kathabwa kalikonse komwe mwakakhotetsa kamafuna kuwongoka tsiku ndi tsiku. Guluu wanu akulimbana ndi zimenezo.

N'chifukwa chake guluu woyera wa akalipentala ndimamukana pa ntchito imeneyi. Amisiri a ku Glen View amamatira mipando ndi makabati, ndipo salakwitsa, poti mpando umakhala m'nyumba. Koma guluu ameneyu akatenthedwa uku akukokedwa amatamuka pang'onopang'ono ngati chingamu, timatabwa n'kumasuntha, mzere wa vanishi n'kung'aluka, madzi n'kupeza njira. Ngakhale Titebond III, yemwe anthu amamutama pa intaneti, eni ake amanena okha kuti si wa malo omira m'madzi kapena onyamula katundu wolemera. Za guluu womatira nsapato tisataye nazo nthawi. Timachubu tiwiri ta epoxy youma pa mphindi 5 tija n'tabwino pa chogwirira cha kapu, koma timauma musanamange ngakhale kilampu (chopanira matabwa) yachitatu.

Wanu wa thovuyo ndi polyurethane. Amauma akakumana ndi chinyezi, ndipo pouma amafufuma. Anthu akaona thovu likutuluka m'mbali amati wadzaza mipata yonse. Wadzazadi, koma ndi mpweya. Lidulani thovulo ndi mpeni, mudzaona kuti mkati mwake ndi timabowo tokhatokha, chala chimalifinya. Amagwira bwino pokhapokha matabwa atakhudzana ndendende, ndipo timatabwa tochekedwa pa macheka a makina, tokhala ndi mizere ya mano, kenako n'kukhotetsedwa, sitikhudzana choncho paliponse. Pamene pali mpata ndi pomwe padzayambire kukanuka.

Poti tanena za macheka, ndipatukeko pang'ono pa za mtengo. Mwasankha bwino mlombwa, umene kuno ku Zimbabwe amati mukwa. Sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha, ndipo suola msanga. Wina akakuuzani kuti mugule "teak" wa kuno, dziwani kuti akunena mukusi wa ku Matabeleland, wopangira pansi pa nyumba ndi mitanda ya njanji. Si teak weniweni wa ku Asia amene a maboti amanena. Ndi wolemera, wouma mtima, ndipo kuukhotetsa ndi nkhondo. Paini musayese n'komwe. Posankha mlombwa, siyani mbali yoyera ya kunja ija, imafumbwa ndi kuola. Tengani mtima wofiirira, wa mitsempha yowongoka, wouma bwino, chinyezi chake chisapitirire 12 peresenti. Thabwa longochekedwa kumene, lozizira mukaligwira, palibe guluu amene angalipulumutse.

Tibwerere ku guluu: atsala awiri, resorcinol ndi epoxy. Kunena zoona, pa dzuwa mfumu ndi resorcinol. Anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1940, ndipo ngakhale mutawiritsa thabwalo m'madzi samatuka. Aerodux ndi Cascophen ndi mayina ake ena. Koma ali ndi mwambo wake: sadzaza mpata, amafuna matabwa opalidwa bwino ndi makilampu ambiri omangidwa zolimba, ndipo amasiya mzere wakuda mofiirira pakati pa timatabwa. Pa mlombwa mzerewo suoneka moipa. Mwina mungafunike kutuma wina wochokera ku Johannesburg kuti akubweretsereni.

Epoxy amakhululuka pamene resorcinol sakhululuka, chifukwa amadzaza mpata n'kukhalabe wolimba. Komabe amene amati epoxy amamata chilichonse akunama. Amayamba kufewa pa madigiri 50 mpaka 60, ndipo thabwa lakuda losiyidwa pamtetete likhoza kufika pamenepo. Dzuwa limamudya, amasanduka wachikasu n'kumafumbutuka. Ndipo nthawi zambiri akamati epoxy wakanika, mukang'amba mumapeza pakati pali pouma, mbee. Mwini wake anamanga makilampu ngati akumanga mbuzi, guluu yense n'kufinyikira panja. Mlandu umenewo si wa guluu.

Kamatidwe kake

Chekani timatabwa ta mamilimita 5 kapena 6 pa mkombero, koma pokhota kwambiri tsikirani pa 3. Yesani kukhotetsa kamodzi kopanda guluu. Kakalira, n'kochindikala. Tambiri topyapyala timaposa tochepa tonenepa, chifukwa mukachulukitsa kawiri chiwerengero chake, kuwongoka kwa thabwa mukamasula makilampu kumachepa pafupifupi kanayi. Ngati n'tatifupi, lumikizani mosongola, kutalika kwa msongawo kukhale kuchindikala kuchulukitsa ka 8 kapena kuposa, ndiye kuti masentimita 5 pa kathabwa ka mamilimita 6. Zolumikizazo zisagundane malo amodzi.

Kwechani mbali zonse zomata ndi sandipepa wa nambala 80. Thabwa lochoka pa pulena ndi losalala mopitirira, epoxy amasowa pogwira. Pukutani ndi kansalu koyera konyowetsa acetone (mankhwala amadzimadzi ochotsa mafuta), dikirani mphindi 15 kuti iuluke, ndipo mumate tsiku lomwelo. Chikombole chomwe mukukhoteserapo, kapena boti lenilenilo ngati mukupangira pomwepo, chikutireni ndi selotepi yaikulu ya makatoni kuti zisamatirane.

Epoxy amabwera pawiri: resin, ndi hardener yomwe imamuumitsa mukazisakaniza. Gulani wa maboti wokhala ndi hardener yochedwa. Mwachitsanzo West System 105 ndi 206 amasakanizidwa magawo 5 a resin ku gawo limodzi la hardener, koma mitundu ina ndi 2 ku 1, choncho werengani chitini chanu. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso. Kuwonjezera hardener sikufulumizitsa kuuma, kumangosiya phala losalimba mpaka kalekale. Takasani mphindi ziwiri, mukukanda m'mbali ndi pansi pa kapu, kenako thirani m'mbale yosaya. Akakhala mulu m'kapu amadzitenthetsa yekha, ndipo masana a Okutobala angafuke utsi musanamalize kathabwa kachiwiri. Muli ndi mphindi pafupifupi 20, ndiye yambani m'mamawa, pamthunzi, muli awiri. M'nyengo yozizira ndi zosiyana: 206 safuna kuzizira kotsika pa madigiri 16, choncho matani chakumasana, m'nyumba.

Pakani kawiri. Koyamba epoxy wamadzimadzi mbali zonse ziwiri kuti thabwa limwe. Pakapita mphindi zochepa, pamene paoneka pouma bwerezani. Kachiwiri sakanizani ndi ufa wa microfibre kapena utuchi wosefa wa mlombwa womwewo mpaka akhale ngati phala la mwana, mupake mbali imodzi. Makilampu akhale pa masentimita 10 mpaka 15 aliwonse, kuyambira pakati kupita kumapeto, ndipo mukangoona guluu akutuluka mzere wonse lekani kumanga. Valani magolovesi, khungu likayamba kudana naye silibwereranso. Musamasule makilampu asanathe maola 24, mu Juni masiku awiri. Akauma mudzamva ngati phula pamwamba, limenelo limachoka ndi madzi ndi kasiponji, osati acetone.

Musanawononge mlombwa wonse, matani tizidutswa tiwiri, patapita sabata mutiswe ndi hamala ndi chizulo. Pakasweka mtengo, pitirizani. Pakasweka pamzere, penapake mwaphonya.

Ndiye yankho lanu, achimwene: wa thovuyo bwezani kushopu. Tengani epoxy wochedwa, lita imodzi ikwana mbali zonse ziwiri za boti la mamita 4 n'kutsalako. Pakani vanishi wa maboti woteteza ku dzuwa kasanu ndi kamodzi, muziwonjezera chaka chilichonse mvula isanayambe, ndipo botilo muzilifunditsa tenti yowala mtundu. Ngati mukudziwa mumtima kuti za vanishi simudzazitsata, funani resorcinol.