Za coaching ya pa intaneti ija mwafunsa asisi, maganizo anga ndi awa

Asisi ndawerenga funso lanu lija, loti mabwana akupatsani bajeti ya maphunziro a antchito ndiye mukuganiza zoti chaka chino mmalo mopita nawo kunyanja ku wekishopu ngati zaka zonse muyeseko coaching ya pa intaneti, koma mukukayika ngati imathandizadi kapena ndi njira ina chabe yodyera ndalama za kampani. Ine ndikuti yesani, koma osati kwa anthu onse muli nawowo ayi. Sankhani ochepa, makamaka amene angokwezedwa kumene kukhala ma supavaiza kapena oyang'anira nthambi, ndipo chachikulu kuposa zonse, zimene munthu azikambirana ndi kochi wake bwana asamazimve. Mukalephera pamenepo ndalama yonseyo yalowa mmadzi basi.

Tigwirizane kaye chimene tikukamba, poti masiku ano aliyense amene ali ndi suti ndi tsamba la Facebook akudzitcha kochi. Uja wobwera mu holo kudzakuwa kuti mungathe, dzukani, chuma chili mmanja mwanu, anthu nkuomba mmanja nkukadya lanchi, ameneyo ndi wina. Coaching yeniyeni ndi anthu awiri basi, wantchito ndi kochi, amakumana pa foni kapena pa kompyuta pafupifupi ola limodzi, kawirikawiri kamodzi pa masabata awiri, kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo wolankhula kwambiri amakhala wantchitoyo, kochi yake ndi mafunso. Ambiri amatsata njira ija amati GROW imene anaitchukitsa John Whitmore wa ku Britain, mafunso ake ndi anayi, ukufuna zifike pati, panopa zili bwanji, ungachite ziti, nanga uchita chiti ndipo liti. Zimamveka zophweka eti, koma funso lomalizalo ndi limene limagwira ntchito, chifukwa pakatha masabata awiri munthu yemweyo akufunsanso kuti zija munanena kuti muchita Lachiwiri zinatha bwanji, ndiye sungamangozemba mpaka kalekale. Wekishopu ili ngati chimvula cha tsiku limodzi, madzi ambiri amangothamangira kumtsinje, pamene izi ndi kuthirira dimba ndi keni.

Ndikupatseni chitsanzo chimene ndinaona kumene ndinkagwira ntchito kale. Mtsikana wina wanzeru zedi anakwezedwa kukhala mkulu wa ku akaunti, ndiye pansi pake panali bambo wina wamkulu, msinkhu wa bambo ake omubereka, amene analowa ntchito pakampanipo mtsikanayo asanayambe ndi sukulu yomwe. Malipoti a kutha kwa mwezi bamboyo ankabweretsa mochedwa mwezi ndi mwezi, mtsikana uja mmalo molankhula ankangotenga mafailo nkukawamalizira kunyumba usiku, mmawa maso ali psuu. Ku wekishopu ya utsogoleri anapitako, satifiketi anali nayo mu fulemu, koma palibe wophunzitsa amene akanamuuza pagulu mmene angadzudzulire munthu amene iye amamupatsa moni atapinda bondo. Kochi wake anangomufunsa kuti kodi mukuopa kuti chichitike nchiyani mukawauza, iye nkuti andinena kuti ndine mwana wamwano, nanga mukapitiriza kuwagwirira ntchito miyezi ikubwerayi chichitike nchiyani, apo anakhala duu. Kenako anayamba kuyeserera pa foni pomwepo mawu amene akawauze, kochi akuyankha ngati bamboyo, mpaka anapeza kalankhulidwe kaulemu koma kosazungulira, koti bambo ndimadalira luso lanu koma lipotili likachedwa amene amaitanidwa kumtunda ndi ine, tigwirizane tsiku. Sikuti bamboyo anasintha tsiku lomwelo ayi, ananyanyala kaye ndithu, koma mtsikanayo anasiya kunyamula mafailo a mwini wake. Phindu lake la coaching ndi la mtundu umenewu, munthu amaphunzira kugawa ntchito, kudzudzula osanyoza, kuyendetsa miting'i yoti itha ndi mfundo, kuuza bwana kuti izi sizitheka pofika Lachisanu mmalo mongovomera kenako nkudwala. Kwa inu a HR, oyang'anira za antchito, phindu lake mumaliona pa milandu ing'onoing'ono imene imasiya kufika pa desiki yanu chifukwa yathera komweko, komanso anthu abwino sathawa msanga akaona kuti kampani ikuwaganizira.

Ubwino wa pa intaneti weniweni kwa ife kuno ndi uwiri. Wina ndi wa ku nthambi, munthu wa ku Karonga kapena ku Nsanje amalandira chimodzimodzi ndi wa ku hedi ofesi popanda za thiransipoti, mafuta, malo ogona, kutseka ofesi masiku atatu. Winawo anthu sautchula koma ndi waukulu, dziko lathuli ndi laling'ono, kochi wa mtauni momwemo mupeza kuti amapemphera mpingo umodzi ndi bwana kapena akazi awo ali mu banki mkhonde imodzi, ndiye wantchito angamasuke bwanji. Pa intaneti mutha kumupezera munthu wakutali amene sakudziwa aliyense pakampanipo.

Koma konzekani kudandaulidwa, ndikuuziranitu. Ambiri wekishopu amaikondera alawansi, ena amakhala ataiwerengera kale pa fizi ya ana, ndiye mukanena kuti chaka chino maphunziro ndi a pa Zoom akuonani ngati mwawalanda chakudya pakamwa. Nchifukwa chake ndikuti musachotse zonse nthawi imodzi, ndipo amene mwawasankhawo muwafotokozere okha okha kuti asankhidwa chifukwa kampani ikuwaona patali, apo ayi mmakhonde muyamba manong'onong'o oti amene apatsidwa kochi ndi amene atsala pang'ono kuchotsedwa.

Tsopano za chinsinsi zija, apa ndiye ndikhalitsepo. Amene akulipira ndi kampani koma amene akuthandizidwa ndi wantchito, ndiye bwana amaona ngati ali ndi ufulu womva zonse, tsiku lina adzakuitanani nkukufunsani mwa nthabwala kuti kodi ajawa akumati chiyani za ine kumeneko. Musadzayerekeze. Makochi a pansi pa ICF, bungwe la makochi la padziko lonse, malamulo awo amawauza kuti agwirizane poyambirira penipeni ndi mbali zonse za chimene chidzauzidwe kampani ndi chimene chidzakhale cha awiriwo. Ndiye chitani miting'i imodzi ya anthu atatu, wantchito, bwana wake ndi kochi, agwirizane zolinga ziwiri kapena zitatu, zilembedwe, onse asaine. Kuchoka apo lipoti lobwera kwa inu lizingonena kuti akumana kangati komanso zolinga zija zikuyenda motani, osati zoti ananena kuti manijala ndi wankhanza kapena akufunafuna ntchito kwina. Kujambula zokambiranazo ayi. Kochi amene angavomere kumakupatsirani nkhani kumbali musiyeni pomwepo, wantchito akangonunkhiza zoterozo aziyankha kuti zonse zili bwino bwana mpaka miyezi itatha, inu mukulipira.

Ndipo chinsinsi si cha papepala pokha, ndi cha malo ochitirapo seshoninso. Maofesi athu ambiri ndi a chipinda chimodzi ma desiki asanu ndi atatu, ndinaonapo munthu akuchita seshoni yake atadzitsekera mgalimoto ya mnzake pa kapaki dzuwa lili phwee, mawindo otseka kuopa alonda angamve. Musungireni bodirumu kapena kaofesi kena ola limenelo, mahedifoni akhale nawo, ndipo ikhale nthawi ya ntchito, osati ya lanchi kapena Loweruka ngati kuti ndi chilango.

Pali zinthu zina zimene coaching singakonze ndipo musalole mabwana akukankhireni. Munthu amene mwatsimikiza kale kuti mumuchotsa musamupatse kochi kuti failo ioneke bwino, zimenezo zili ndi njira yake ya machenjezo ndi kumumva mbali yake monga Employment Act imanenera, mukasakaniza mudzakafotokoza bwino ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito. Munthu amene sadziwa Excel akufunika kumuphunzitsa Excel. Amene wamira mu ngongole za katapila, kapena mowa wamugwira, kapena akuoneka kuti maganizo amupsinja, akufunika uphungu wa akatswiri a zimenezo, kochi wabwino amanena yekha kuti apa si panga. Ndipo ngati vuto pakampanipo ndi malipiro otha pa 15 pa mwezi pasanafike, ngakhale mutabweretsa kochi wochokera kumwamba anthu azingomuyang'ana.

Posankha munthu, dziwani kuti ntchito imeneyi ilibe layisensi ya boma ngati udokotala kapena uloya, ndiye mapepala muwafufuze nokha. Bungwe lodziwika kwambiri ndi ICF lija, International Coaching Federation, linayamba mu 1995 ku America, ndipo lili ndi magiredi atatu. ACC ndi woti waphunzira maola osachepera 60 nkuchita coaching maola 100, PCC maphunziro maola 125 ndi coaching maola 500, MCC maphunziro maola 200 ndi coaching maola 2,500. Kwa ma supavaiza anuwo ACC kapena PCC akukwana, MCC ndi wodula ndipo nthawi zambiri amatengedwa ndi akuluakulu a makampani. Pa webusaiti ya ICF pali pofufuzira dzina, munthu akakuuzani kuti ndine PCC lowani mukaone ngati alipodi, musangokhulupirira ka logo ka pa CV. Kulinso EMCC ya ku Ulaya ndi COMENSA ya ku South Africa, amenewonso ndi mabungwe enieni. Funsaninso anzanu a ku IPMM, bungwe lanu la a HR kuno ku Malawi, amene anagwiritsapo ntchito munthuyo, mbiri ya pakamwa kuno imanena zoona kuposa bulosha. Makochi ambiri amalola kukumana koyamba kwaulere kwa mphindi zochepa kuti aonane ngati magazi agwirizana, ndiye mupatseni wantchito anthu awiri kapena atatu asankhe yekha, womusankhira ndi bwana sayenda.

Za makampani akuluakulu a coaching ya pa intaneti, mwina mwaona kale BetterUp ya ku America, ija inalemba ntchito Prince Harry mu 2021, kapena CoachHub ya ku Berlin. Ali ndi ma app okongola, makochi ambirimbiri, koma anapangidwira makampani a antchito mazanamazana ndipo mitengo ndi ya madola kapena ma yuro. Inu mukudziwa mmene foreksi ikuvutira ku banki, ndipo tonse tikukumbukira November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anali ndi kontirakiti ya madola bajeti inaphulika ali mtulo. Ine ndingakonde mupeze kochi wa konkuno wolipidwa makwacha, kapena wa mmaiko oyandikana nafe. South Africa, Zambia ndi Zimbabwe nthawi yathu ndi imodzi, Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi lokha, pamene New York ali mmbuyo ndi maola 6 kapena 7 kutengera nyengo, ndiye seshoni izigwera nthawi yoweruka munthu akuganiza za minibasi. Komanso kochi wa kuno sudzavutika kumufotokozera chifukwa chake theka la ofesi lapita ku maliro Lachitatu, kapena chifukwa chake wantchito sangamuyang'ane bwana mmaso nkumutchula dzina loyamba. Ndipo nkhani ikafika pa mtima munthu amafuna athireko Chichewa kapena Chitumbuka, chizungu chimathera panjira.

Za netiweki musazitenge mopepuka. Zoom yaulere imaduka pa mphindi 40, ndiye kochi akhale ndi yolipira kapena mugwiritse Google Meet, pena WhatsApp yomweyi imakwana. Vidiyo imadya bandulo koopsa, tsiku loyamba aonane nkhope, masiku enawo mawu okha amatha bwinobwino, ena mpaka amamasuka kwambiri akakhala kuti sakuonedwa. Bandulo igule kampani, musamuuze munthu kuti agwiritse yake adzabwezeredwa, tonse tikudziwa mmene kubwezako kumachedwera. Akhale ndi ma simu onse awiri, Airtel ndi TNM, foni yotchaja poti magetsi sapangana ndi munthu. Ndipo mu kontirakiti mulembemo zoti seshoni ikaduka chifukwa cha magetsi kapena netiweki ibwerezedwa osalipiranso, chifukwa makochi ambiri lamulo lawo ndi loti ukalephera osanena maola 24 asanakwane ndalama yapita.

Mabwana adzafuna umboni, ndiye musadikire mpaka kumapeto kuti muyambe kusakasaka. Musanayambe funsani anthu atatu kapena anayi amene ali pansi pa supavaiza aliyense timafunso tochepa osalemba maina awo, monga amakuuzani momveka chimene akufuna, amamva maganizo anu, mukalakwitsa amakuuzani bwanji, ndiye mudzafunsenso omwewo pakatha miyezi itatu. Onjezani chinthu chimodzi chowerengeka pa munthu aliyense, kaya tsiku limene lipoti limafika, kaya madandaulo a makasitomala ku nthambi yake. Zolinga zangati akhale mtsogoleri wabwino zikaneni, palibe amene angaziyeze.

Kontirakiti ya chaka chonse musasaine. Yambani ndi anthu anayi kapena asanu, miyezi itatu, kulipira theka poyamba theka pomaliza, ndalama yotsalayo chitani nayo wekishopu yanu ija koma yaifupi. Ndipo poti kampani yanu imalipira kale levi ya TEVETA ija ya 1 peresenti ya malipiro, musanapereke bajeti kumtunda imbani ku ofesi yawo mufunse ngati maphunziro a mtundu umenewu angalowe mu thandizo limene amapereka kwa makampani olipira levi.