Khoma la koleji linagwera mwana wanga pa chivomezi, ndisumire ndani?

Bambo wina wa ku Mchinji walemba kuti mwana wake wamkazi, yemwe akuphunzira pa koleji ina ya boma, anathyoka mwendo khoma la hositelo litamugwera pa chivomezi. Khomalo linali ndi ming'alu kuyambira kale. Akuluakulu a pasukulupo akungomuuza kuti ndi ngozi yachilengedwe, adekhe, nkhaniyi akuiona.

Bambo, chivomezi sichisumiridwa. Bwalo lidzafunsa chinthu chimodzi: kodi eni nyumba ankadziwa kuti khomalo ndi loopsa, n'kulekerera ana kugona m'menemo? Dziko lathu si lachilendo ku zivomezi. Cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009 zinagwetsa nyumba, choncho mawu oti "sitinayembekezere" paokha sakwanira. Koma sindikulonjezani chipepeso. Ngati nyumba zolimba za pafupi nazonso zinagwa, mlandu wanu ukhoza kuvuta.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi "dekhaniyo". Mlandu wofuna chipepeso chifukwa chovulala umayenera kulowa m'bwalo pasanathe zaka 3 chichitikire ngoziyo. Komanso boma silisumiridwa ngati mnansi amene mbuzi zake zadya chimanga chanu. Lamulo limafuna kuti muyambe mwapereka chidziwitso cholemba ku ofesi ya Attorney General, yemwe ndi loya wamkulu wa boma, n'kudikira miyezi 3 musanasume. Kalata imene munasiya kwa mphunzitsi wamkulu si chidziwitso chimenecho, ngakhale anaidinda chidindo chokongola. Ndaona mabanja akuthera ndalama pa kabaza, mwezi ndi mwezi, kukamva "bwana ali ku msonkhano ku Lilongwe", kenako n'kufika kwa ine kutatsala milungu 6 kuti zaka 3 zikwane. Miyezi 3 ija ilowa pati? Wina anathamangira kubwalo opanda chidziwitso, loya wa boma sanakhudze n'komwe za khoma, anangoloza kusowa kwa kalatayo, mlandu n'kuthera pomwepo.

Amalume amene akukuuzani kuti kusumira boma n'kumuonongera mwana sukulu, afunseni ngati ndodo zoyendera agula ndi iwo.

Ngati mwanayo wakwana zaka 18, mwini mlandu ndi iyeyo, osati inu. Jambulani khomalo ndi foni lero lino amisiri asanamate ming'alu. Pezani anzake amene anadandaulapo za ming'aluyo, makamaka ngati analemba kalata, ndipo lembani mayina awo asanamalize sukulu n'kubalalika. Sungani buku la kuchipatala, zithunzi za X-ray ndi malisiti onse, kenako pemphani lipoti la dokotala. Akakubweretserani kandalama ka pepani pamodzi ndi pepala losainira, loya aliwerenge kaye, chifukwa mapepala ena amatseka mlandu wonse.

Fufuzaninso ngati kolejiyo ili pansi pa unduna kapena ili ndi bungwe lakelake loiyendetsa, popeza woyenera kumusumira amasintha. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osowa ndalama ya loya, sabata ino, mutanyamula zonsezi m'envulopu imodzi, tsiku la ngozi mutalilemba pamwamba.