Musanatsegule akaunti ya data entry ija

Achemwali, mwati munamaliza maphunziro a accounting chaka chatha, ntchito sikuoneka, ndipo anzanu akuti mulowe pa Upwork, msika wa maganyu wa pa intaneti, muzichita data entry (kukopera manambala ndi zolemba mu kompyuta) kuti muzilandira madola. Mwafunsa ngati zimalipiradi. Kulipira zimalipira, koma ine ndikadakhala inu sindikadayambira pamenepo.

Tiyambe ndi msikawo. Dzina loti Upwork linabwera mu 2015, makampani a Elance ndi oDesk ataphatikizana. Fiverr, msika wina wotere, inayamba mu 2010 ku Israel, poyamba ntchito iliyonse inali madola asanu, ndipo pa ndalama iliyonse imene mwapeza eni ake amadulapo 20 peresenti. Pa Upwork ngakhale kufunsira ntchito kumadya timakuponi totchedwa connects, tikatha mumagula. Ndiye pa kantchito kamodzi kokopera manambala mu Excel mukulimbirana ndi anthu a ku Philippines, Pakistan ndi Kenya, ena mwa iwo ali ndi mbiri yabwino ya zaka khumi. Inu mwangofika kumene, bundle mukuchita kuwerengera, magetsi angozima. Wogulayo sasamala kuti wagwira ntchitoyo ndani, choncho amangotola wotchipa.

Komanso chibwerereni ChatGPT, makina a pa intaneti olemba ndi kuyankha ngati munthu, mu November 2022, ntchito zambiri zokopera ndi kusanja makina akumaliza okha. Ngakhale anthu a ku Nairobi amene ankasefa zolemba zophunzitsira makina omwewo, zinadziwika mu January 2023 kuti ena ankalandira ndalama zosakwana madola awiri pa ola.

Data entry ili ngati kugulitsa mtedza wosasenda kwa venda wa sikelo. Mtengo amatchula ndi iye, mukakana pali anzanu makumi awiri kumbuyo ndi matumba awo. Koma amene wakazinga mtedza womwewo, n'kusinja, n'kuika chiponde m'botolo, mtengo amatchula yekha.

Chiponde chanu inu n'chiyani? N'zimene mukudziwa zomwe wa ku Manila sangazidziwe. Mukudziwa zimene MRA imafuna pa misonkho ya PAYE (wa pa malipiro) ndi VAT (wa pa malonda), mukhoza kuphunzira bwino Msonkho Online, njira ya MRA yokonzera za msonkho pa intaneti, ndipo mukhoza kufotokozera munthu nkhani ya phindu m'Chichewa iye n'kumva. Taonani amayi ogulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ooda katundu ku Dar es Salaam aja. Ndalama zikungolowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba, zosakanikirana ndi za ndiwo, za fizi, za chipepeso pamaliro. Mukawafunsa kuti mwezi uno mwapindula zingati, amangoseka. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndinaona ndi maso anga anthu akugulitsa katundu pa mtengo wakale akusangalala kuti malonda ayenda, koma popita kukaoda anapeza kuti mpamba wawo wafota. Munthu wotero safuna satifiketi yanu. Akufuna womuuza kuti nsalu iyi musagulitse pansi pa mtengo wakuti, apo ayi mukudya mbewu.

Ine kasitomala wanga woyamba anali mayi wina wa zitenje. Ndinamupangira tebulo losavuta pa Google Sheets, iye madzulo aliwonse ankanditumizira chithunzi cha kope lake, Loweruka n'kumuuza mmene zayendera. Mwezi woyamba anandipatsa kangachepe, moti ndinachita manyazi kuuza akunyumba. Koma anandibweretsera anzake atatu a m'banki mkhonde yawo, ndipo iwowo sananenerere mtengo chifukwa anali atamva kale za ine. Apa ndi pamene intaneti inandithandiza: ntchito ya anthu anayi ndinkaigwira ndili pakhomo, osakwera minibasi, ndipo tebulo lija ndinalipanga kamodzi kokha.

Madola musawataye m'maganizo ayi. Mukazolowera QuickBooks, pulogalamu yosungira mabuku a bizinesi, n'kukhala ndi makasitomala enieni okuchitirani umboni, pamenepo lowani pa Upwork ngati wosunga mabuku a bizinesi, osati wokopera manambala. Alipo Amalawi ku South Africa ndi ku UK amene ali ndi nyumba za lendi kapena minibasi kuno, ndipo chimawasowetsa tulo n'choti palibe wowapatsa malipoti oona.

Za aja akulemba m'gulu muno kuti tumizani kaye ndalama yolembetsera kuti akupatseni ntchito ya pa intaneti, musawatumizire olo tambala. Ine anandidyerapo kamodzi, nambala yake mpaka lero siipezeka.