Njira akuiona, koma bolodi ayi

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 12, ali Sitandade 7. Chaka chatha anayamba kudandaula kuti zapabolodi sakuziona. Ndinamukalipira kuti ndi ulesi, poti kunyanja amapita yekha kukatsuka mbale osapunthwa. Ukamulankhula amayang'ana chakukhutu kwako. Magalasi tinagula koma sanathandize. Ku Blantyre anamujambula m'maso n'kutiuza kuti ndi matenda a Stargardt, ochokera ku majini. Agogo ake atangomva mawu oti majini, akuti tipite naye kwa asing'anga. Kodi adzachita khungu? Nanga ang'ono ake awiri? Ndine mayi wa ku Makawa, Mangochi.

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi agogo. Majini amene ananena adokotalawo si mizimu ija timaidziwa kunyanja kuno. Ndi tizinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo, tomwe timachititsa kuti afanane nanu mphuno. Pano kamene kavuta ndi kamodzi, kotchedwa ABCA4. Mwana amadwala akatengera kolakwika kwa bambo ndi kwa mayi komwe, inu awiri muli bwinobwino. Choncho pasakhale kulozana zala kuti ndi zakuchimuna kapena zakuchikazi. Dokotala wa ku Germany, Karl Stargardt, anawafotokoza matendawa mu 1909.

Mwanayu sankanama. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kolandira kuwala, retina, ndipo pakati pake pali kamalo kakang'ono kwambiri, macula. Kamaloka ndi kamene timawerengera, kuzindikirira nkhope ndi kulowetsera ulusi pasingano. Diso likamagwiritsa ntchito vitamini A pamatsala zinyalala, ndipo mwa mwana wanu sizikuchoka, zikuunjikana n'kumapha maselo a pakatipo. M'mbali muli bwino, n'chifukwa chake njira akuiona, ndipo kuyang'ana chakukhutu kuja akufuna nkhope yanu igwere pamalo amoyo. Musamuletse. Magalasi amangowongola kuwala, sangadzutse maselo akufa.

Chithunzi chija musachitaye. Makina ojambulira m'maso otchedwa OCT amaonetsa kachikopa kaja ngati mwadula chigumu n'kuyang'ana m'kati mwake, ndiye pamene papyapyala pamaoneka. Palinso kajambulidwe kena komwe zinyalala zija zimawala, malo ofa n'kuoneka akuda bii. Chithunzi chimodzi chimangonena za lero. Akachiyerekeza ndi cha chaka chamawa m'pamene amadziwa liwiro la matendawa. Ngati sanakupatseni, kapempheni, ngakhale kuchijambula pafoni.

Mankhwala ochiza sanapezeke, sindikunamizani, ndipo pakatipo pazinka pachepa mphamvu. Koma ambiri safika pamdima weniweni, amayenda okha mpaka kukalamba.

Wina akuuzani kuti mumugulire mapiritsi a vitamini A poti ndi abwino kumaso. Kwa uyu ayi, amangowonjezera zinyalala zija. Mango, mapapaya ndi usipa azidya monga mwa masiku onse. Dzuwa la Mangochi mumalidziwa, pamchenga ndi pamadzi limachita kuthobwa m'maso, ndiye chipewa ndi magalasi akuda zisamusowe. Kusukulu akhale kutsogolo, apeze galasi lokulitsa zilembo, ndipo aphunzitsi aakulu adziwitse a MANEB nthawi ikadalipo kuti mayeso a Sitandade 8 adzalembe a zilembo zikuluzikulu.

Za ang'ono akewo, mwana aliyense wa inu awiri mpata woti adwale ndi umodzi mwa inayi. Paulendo wotsatira wa ku Blantyre muwatenge nawonso akawaone m'maso, ngakhale sakudandaula.