Mtondo wa malemu sungapite ku Chichiri usanafunse eni mbumba

Mtsikana wina wa ku Ndirande wandilembera kuti: "Agogo, mayi a mayi anga anatisiya mwezi wathawu. Asiya mtondo, mtsuko ndi nkhali, koma ife tili pa lendi, malo palibe. Kodi ku miyuziyamu ya ku Chichiri angalandire zimenezi?"

Pepa ndi zovutazi, mdzukulu wanga. Wachita bwino posaganiza zokataya kudzala, anzako ena akanawaza mtondowo nkhuni. Koma funso lakoli layambira kumchira. Ukanayamba wafunsa kuti katunduyu wagawidwa kale kapena ayi, ndipo wagawa ndani. Safunsa anadya phula.

Ku Chichiri ndimakudziwa ine. Tinapitako ndi aphunzitsi nyumbayo ikadali yatsopano, a Kamuzu atangoitsegula mu 1966. Izo zisanachitike, zinthuzo ankazionetsa ku Mandala, m'nyumba yosanja ija ya 1882. Ndabwererako kangapo ndi ana, kenako ndi adzukulu. Iwo amathamangira panja paja kukagwira injini ya sitima ndi basi yakale, akatero m'kati kukazungulira chimwala chija chinagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981, cholemera kuposa makilogalamu 90. Ine ayi. Ndimaima pa ziwiya za pakhomo, zonga zomwe tinakulira, mpaka adzukulu kundikoka chitenje kuti agogo tiyeni. Amasamala bwino zinthu anthu a ku miyuziyamu aja, sindinganame. Koma kapepala kamene amaika pambali kamangotchula dzina la chinthu ndi kumene chinachokera. Sikanena kuti ankasinjamo ndani, kapena kuti mng'alu uwo unabwera tsiku liti.

Izo zinkanenedwa pa mphasa. Mayi anga atamwalira kwathu ku Lunzu, titameta, atsibweni anayala mphasa pabwalo n'kuuza anyamata kuti atulutse zonse, ngakhale mthiko ndi chikho. Panalibe wotambasula dzanja. Atsibweniwo ankanyamula chimodzichimodzi, kuchitembenuza, n'kuyamba kufotokoza. Atafika pa mtsuko anakhala kaye chete. "Uwu anaumba amayi athu chaka cha njala, 1949. Anaumba itatu, iwiri anakasinthitsa ndi gaga, uwu anakana nawo." Azakhali anayambanso kulira pomwepo. Ife ana tinali titamwera mumtsukomo moyo wathu wonse osadziwa kanthu.

Ine anandipatsa chipande chobenthuka kukamwa. Ndinanyinyirika mumtima, maso anga anali pa nsalu ya mayi yobiriwira imene inapita kwa mng'ono wanga. Atsibweni anaona nkhope yangayo n'kunena kuti chinabenthuka tsiku limene ndinabadwa, mayi atachigwetsa pa fuwa matenda atawayamba. Nsalu ija inatha kalekale. Chipandecho chili m'kabati mwangamu, ndipo palibe amaomolera.

Masiku ano mwambo wa kumanda ukangotha, aliyense ali pa msewu kudikira minibasi, ati mawa kuntchito. Za katundu mumakambirana pa WhatsApp, ndipo chokanganirana ndi firiji, foni ndi khadi la kubanki. Mtondo umatsalira amene wachedwa kunyamuka, ngati mmene watsalira iwemu. Sindikukudzudzula iwe, mwana wanga, mwina sunaonepo n'komwe mphasa itayalidwa chonchija. Koma akuluakulu a kwanuwo anali kuti?

Ndiye imbira atsibweni ako, kapena aliyense wamkulu amene watsala kuchikazi kwanu. Usawatumizire uthenga wolemba, ayimbire, ngati n'kotheka pita ndi kashuga m'manja. Uwauze kuti katundu wa agogo akudikira mawu awo. Akabwera khala pansi ndi kope, ulembe zonse zimene anene pa chinthu chilichonse: anapanga ndani, mudzi uti, mfumu yake ndani. Udzadabwa, wina amene umamuyesa wa m'tauni adzaulirira mtondowo. Zikatsala zopanda mwini, apo ndiye mupite ku Chichiri, iwe ndi wamkuluyo ndi kope lija, mukafunse ogwira ntchito kumeneko ngati angazifune.

Koma mtsukowo usapereke, malo ake ndi kangodya chabe. Uupangire nkhata, usaukhazike pa simenti, uvindikire ndi mbale. Magetsi akazima mwezi wa Okutobala udzamwa madzi ozizira anzako akumwa ofunda.